Chitsononkho pa Njinga ya a Sichali

Ku nazale ya kalabu ya mitengo ku Kaseye munthu sankaitanidwa ndi dzina lake la ubatizo. Ukangozolowereka pang'ono, ukuthira dothi m'machubu ndi kuthirira mbande, unkangozindikira kuti wasanduka mtengo, ndipo dzinalo linkakutsata kuchigayo, kumsika, ngakhale pamaliro. Wobatiza anali Wongani, mwamuna wamfupi amene pakamwa pake panalibe chitseko. Kwawo ankayankhula Chilambya ngati anzake onse, koma popeza alangizi a zankhalango, a Timothy, anali a ku Dedza ndipo mitengo ankaitchula m'Chichewa, nayenso nthabwala zake ankaziphika m'Chichewa kuti alangiziwo asamanidwe.

Panali a Nsangu, bambo amene mvula ikangoyamba ankasowa monga amasowera masamba a mtengowo, anzawo ali kalikiliki kudzala, n'kudzaphukanso m'chilimwe mowa ukachuluka. Panali mayi Mtangatanga, amene kamphepo kakang'ono kankakwana kuti ayambe kusokosera. A Timothy anali a Malaina, chifukwa ananenepa msanga chifikireni ku Chitipa koma ukawapatsa khasu ankafewa. Wonganiyo anzake anamubwezera ndi dzina loti Bulugamu, poti ankamwa chilichonse chimene chili pafupi ndipo pamene wakhala iye sipankamera kanthu. Munthu akawodzera pantchito ankati wayoyola masamba. Akapsa mtima ankati watuluka utomoni. Wochedwa kumva zinthu ankati ndi mbewu ya mlombwa, pafunika kuiwotcha kaye kuti imere. Ngakhale anthu osakhala m'kalabu ankalandira mayina, monga Nalungwe, mayi wachikulire wa kuseri kwa tchalitchi, amene ankatchedwa Nkhadze chifukwa mawu ake akakudonthera m'maso unkalira tsiku lonse. Dzinali linkatchulidwa mwiniwake ali kutali.

Munthu mmodzi yekha ndiye analibe mtengo, ndipo anali mpongozi wa Nalungwe yemweyo, Eluby Namwaka. Eluby anali wa ku Wenya, wokwatiwa ndi Stefano Sichali, ndipo onse awiri anali m'kalabu chiyambireni. Sikuti Wongani anamuiwala ayi. Aliyense ankadziwa mtengo umene ukanamugwera, ndipo ngakhale chidakwa chimakhala ndi malo ena amene chimaponda mosamala. Anzake a Eluby amene anakwatiwa naye chaka chimodzi anali atasiya kale kuitanidwa mayina awo, ankatchedwa amake uje, amake uje, ena ana ali kusukulu. Iye anali akadali Namwaka basi, wopanda mwana kumsana kapena m'manja.

Chimene kalabu sinkadziwa, Eluby ankachidziwa bwino. Chaka china iye ndi mwamuna wake anapita ku Mzuzu, atauza anthu kuti akukaona mlongo wake wodwala. Kumeneko anakalowa kuchipatala, anawayeza onse awiri, ndipo adokotala ananena mosazungulira kuti mayiyo ali bwinobwino, vuto lili mwa bambo. Matsagwidi amene Stefano anadwala ali mnyamata wamkulu kale ndiwo anawononga zinthu. Pobwerera, basi ili kugwedezeka pamsewu wa ku Karonga, Stefano anamugwira dzanja n'kumupempha kuti nkhaniyo ikhale ya awiri mpaka iye atapeza mphamvu zouzira abale ake. Eluby anavomera chifukwa ankamukonda, ndipo ankamukondadi, munthu wofatsa amene sanamukwezerepo mawu ngakhale tsiku limodzi. Koma mphamvu zija zinali ngati mvula ya chaka choipa, mitambo inkachita kuoneka koma osagwa.

Pamene Stefano ankasaka mphamvuzo, Eluby ndiye ankamwa mizu. Nalungwe ankabwera nayo m'mabotolo, yowawa, yonunkha, ina yochokera kutali kumalire a Tanzania, ndipo ankaimirira pompo mpaka mpongozi wake atameza. Mizu italephera, mayiyo anasiya kubwera ndi mabotolo n'kuyamba kubwera ndi mawu. Ankati mwana wake anadzala mtengo wamthunzi chabe, ndipo mthunzi sadya. Tsopano anali atapita patsogolo. Anali atagwirizana ndi a Sichali aakulu, akulu awo a malemu bambo a Stefano, kuti Loweruka banja lonse likumane. Nkhani inali imodzi: Stefano atenge mkazi wachiwiri, mtsikana wina dzina lake Justina amene Nalungwe anali atamuona kale, ndipo Namwaka akakana mitala abwerere ku Wenya. Za kutchalitchi, anatero Nalungwe, adzaziona pambuyo.

Eluby anali ataganiza kale kuti mitala sangaikhale. Sanali kudana ndi Justina, amene sankamudziwa n'komwe. Koma ankaona kumene nkhaniyo ikupita: mtsikanayo nayenso adzamwa mizu yomweyo, kapena adzatopa n'kukapeza mwana kwina, ndipo tsiku limenelo mudzi wonse udzaimba nthungululu n'kunena kuti taonani, vuto linali Namwaka. Ankafunsa mwamuna wake ngati adzayankhule Loweruka, iye n'kumangoti aona. Mawu akuti "ndiona" amenewo Eluby anali atawamva mpaka kumukola.

Tsono kumpanda wa nazale kunali papaya wodzimerera yekha. Anakula bwino, wonenepa, masamba obiriwira, koma atafika pobereka anangotulutsa timaluwa tambirimbiri tolendewera pa timapesi titalititali. Anali wamwamuna. A Timothy anati adulidwe chifukwa akungomwa madzi a mbande, koma mayi Mtangatanga anakana. Anati papaya wotere sadula, amamumangirira chitsononkho cha chimanga pathunthu, achite manyazi kuti anthu onse odutsa akumuona, ndipo manyaziwo amamuberetsa. A Timothy anaseka nati m'mabuku a kukoleji zimenezo mulibe, koma anavomera kuti amayi awo ku Dedza nawonso ankachita chimodzimodzi. Choncho chitsononkho chinamangidwa ndi luzi, ndipo m'mawa uliwonse anthu ankapatsa papayayo moni n'kumufunsa ngati wayamba kuchita manyazi.

Lachinayi la sabata ya msonkhanoyo kunatentha kwambiri. Wongani anafika atayamba kale kuthirira kukhosi kwake, maso ali psu. Nkhani ya msonkhano wa Loweruka inali itamveka mudzi wonse, poti Nalungwe sanali munthu wosunga chinthu m'mimba. Eluby anatsikira kumtsinje ndi ndowa, kheni yake yothiririra ataisiya pafupi ndi mbande za keshya. Pobwera anapeza anthu ali zii, ena akuyang'ana pansi, ena akubisa mano. Pachogwirira cha kheni yake panali chitsononkho chija, chomangidwa ndi luzi lomwe lija.

"Lero tabatiza wotsala," anatero Wongani, akudzandira pang'ono. "Mama Namwaka, inu ndinu Papaya. Maluwa mbwee, chipatso ng'o. Mwina mukachita manyazi Loweruka lisanafike."

Anaseka ndi anthu awiri kapena atatu, kuseka kwake kosafika pamtima. A Timothy anakhosomola n'kuyamba kufunsa za feteleza amene panalibe amene anamutchula. Eluby sanayang'ane aliyense wa iwo. Anayang'ana m'mwamba, pachisakasa chotchingira mbande dzuwa, pamene Stefano anali atakwera kukonza udzu. Mwamuna wake anali ataona zonse. Maso awo anakumana, kenako Stefano anaweramira udzu wake n'kupitiriza kumanga.

Chimenecho ndicho chinamupweteka. Mawu a Wongani anali a mowa, akanatha kuwasasa ngati fumbi pachitenje. Koma msana wa mwamuna wake, utawerama pamwamba paja ngati palibe chachitika, unamulasa mpaka m'mafupa. Anathira madzi m'kheni, anathirira mzere wake wonse chitsononkho chikulendewera, osafulumira, osalira. Atamaliza anachimasula n'kuchikulunga m'chitenje, napita kwawo.

Madzulo anaphika monga mwa masiku onse, nyemba ndi nthochi zophika, n'kumupatsa mwamuna wake madzi osamba m'manja. Stefano atavundukula mbale yake anapeza chitsononkho chili pambali pa nthochi, luzi lake lili pompo.

"A Sichali," anatero Eluby, "chinthu ichi amamangirira papaya wamwamuna. Ine ndachinyamula kuchokera kunazale, ndipo ndakhala ndikuchinyamula kuchokera ku Mzuzu. Ndatopa nacho. Mwiniwake mukumudziwa."

Stefano anachiyang'ana nthawi yaitali. Anayamba kunena zoti Wongani ndi chidakwa, zoti mawa akamuona, koma mawuwo anamuthera pakamwa chifukwa iye mwini anamva kuchepa kwake. Sanadye. Anatuluka panja n'kukakhala pamtondo wogwetsa, ndipo Eluby sanamutsatire. Kale akanamutsatira n'kumunyengerera, n'kumuuza kuti asadandaule, adzayankhula akadzakonzeka. Anazindikira tsikulo kuti kunyengerera kumeneko n'kumene kunawafikitsa pamenepa.

Lachisanu sanakambirane kanthu. Stefano anapita kudimba, anabwera, anakonza tcheni cha njinga chimene chinalibe vuto. Chitsononkho chinasowa patebulo, ndipo Eluby anaganiza kuti wachiponya pamoto. Mwamunayo ali kudimba, iye anatsitsa chikwama chake chakale chimene anabwera nacho kuchokera ku Wenya. Anapindamo zitenje zake, diresi la kutchalitchi, nsapato, ndi kabuku ka nyimbo. Sanatenge mbale kapena poto. Anachiika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda n'kuchiphimba ndi thumba lopanda kanthu. Ankadziwa kuti Loweruka masana pamakhala lole yopita kuboma, ndipo kuchokera kumeneko sakanasowa chokwera cholowera kwawo.

Loweruka m'mawa Stefano anamuuza kuti atsogole, iye abwera pambuyo. Eluby anayenda yekha mpaka kwa a Sichali aakulu. Anapeza amuna atakhala pamipando pansi pa mango, akazi pamphasa chapatali. Anagwada patali monga amachitira mkamwana, anapereka moni, "Mwaghona," n'kukakhala kumapeto kwa mphasa. Nalungwe anali atavala duku latsopano. Justina sanabwere, koma azakhali ake analipo, akumuyeza Eluby ndi maso kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Anadikira. Dzuwa linakwera, mthunzi wa mango unasuntha, amuna anasuntha nawo mipando. Nalungwe anayamba kung'ung'udza kuti mwana wake wagwidwa ndi manyazi chifukwa cha mkazi wakeyu. Eluby ankangoganiza za lole ija, kuti ngati zinthu zichedwa aiphonya.

Kenako kunamveka belu la njinga. Stefano sanadzere njira yachidule ya m'minda imene ankadzera masiku onse. Anadzera msewu waukulu, kupyola pachigayo, pamagolosale ndi pamalo pamene Wongani ndi anzake ankamwera, ndipo izi zinadziwika chifukwa kumbuyo kwake kunkabwera anthu angapo akuyenda mothamanga, Wongani ali m'gulumo. Pachiwongolero cha njingayo, pakati penipeni, chitsononkho chija chinali chitamangidwa ndi luzi latsopano, chikugunda belu njinga ikadumpha.

Anatsika, anaimika njingayo pakati pa bwalo pamene aliyense akanaiona, napereka moni kwa akuluakulu. A Sichali aakulu anamufunsa kuti zachibwana zimenezo n'zotani pa tsiku ngati limeneli. Stefano sanakhale pansi.

"Adada, amama," anatero, "ku nazale anamangirira ichi pakheni ya Namwaka. Analakwitsa mtengo. Papaya wamwamuna ndine."

Panalibe amene anaseka. Anafotokoza zonse, mosakometsa: ulendo wa ku Mzuzu umene sunali wokaona wodwala, zimene adokotala ananena, matsagwidi aja amene amayi ake omwe anamudwazika. Anati mkazi wake wamwa mizu yonse ya m'Chitipa muno pa matenda amene alibe, watukwanidwa, ndipo iye wakhala akuonerera ali chete chifukwa cha mantha. Anati akamutengera Justina, kapena akazi khumi, onsewo adzangomwa mizu. Pofika kumapeto mawu ake anali atasasa, koma anamaliza.

Nalungwe anayamba ndi kukana. Anati madokotala amanama, anati mkaziyu wamudyetsa mwana wake mankhwala kuti azinena zopusa. Koma anakana kanthawi kochepa chabe, chifukwa ankawakumbukira matsagwidi aja, ndi mmene mnyamatayo anatupira mpaka kulephera kuyenda. Anavula duku latsopano lija n'kuliika pamiyendo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni, Eluby anaona apongozi ake akuoneka okalamba. Anawamvera chisoni, ngakhale sanafune kutero. Azakhali a Justina anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya mbuzi zosamanga, natsanzika.

A Sichali aakulu anasisita bondo. Kenako anayankhula moyang'ana kumphasa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anati nkhani imene anaitanira anthu yatha, koma yabala ina. Banja la Sichali lamulakwira mwana wa eni. Ngati Namwaka akufuna kubwerera ku Wenya kuti akapeze mwamuna womupatsa ana, palibe amene angamutsekereze, ndipo palibe amene adzapite kwa makolo ake kukafunsa za ng'ombe za malowolo. Maso onse anatembenukira kwa Eluby. Anthu omwewo amene m'mawa ankafuna achoke, tsopano ankaopa kuti achokadi.

Nalungwe anasendera pamphasa mpaka pafupi naye. "Mkamwana," anatero motsitsa, "mizu yonse ija unkamwa ukudziwa?"

"Ndinkadziwa, amama."

Eluby anauza akuluakulu mwaulemu kuti wamva, ndipo yankho lake akalipereka kunyumba kwake, kwa mwamuna wake. Anathokoza kuti "Ndaga," nadzuka. Podutsa pagulu la anthu aja anaona Wongani atavula chipewa, akuchipotokola m'manja, mowa wonse utamuthawa. Anayesa kunena kanthu, koma Eluby anangomudutsa. Nthawi yomukhululukira inalipo, koma sinali tsiku limenelo.

Stefano anamupeza panjira n'kumupempha kuti akwere pakaliyala. Anakwera. Anadzeranso msewu waukulu womwe uja, anthu ali m'makonde kuyang'ana, chitsononkho chikugogoda belu. Lole yopita kuboma inali itaima pamagolosale, injini ikulira, kondakitala akuitana anthu. Eluby anaiyang'ana mpaka anaipitirira.

Atafika kunyumba, Stefano analowa kuchipinda kukavula malaya a msonkhano. Pokankha chitseko chinakakamira, ndipo atasuzumira kuseri anaona thumba lija litatsetsereka, chikwama chili poyera, chodzaza, chomanga bwino. Eluby analowa n'kumupeza akuchiyang'ana.

"Ndikanapanda kuyankhula?" anafunsa Stefano.

"Lole ija mwaiona," anatero Eluby.

Mwamunayo anakhala pabedi. Eluby anakoka chikwamacho, anachiika pakati pawo n'kuchimasula. Anamuuza kuti agwire kukamwa kwa chikwamacho chisatsekeke, ndipo iye anagwira ndi manja awiri. Anatulutsa zitenje chimodzichimodzi, nsapato, kabuku ka nyimbo, n'kumabwezera chilichonse pamalo pake. Diresi la kutchalitchi linali litakwinyika, ndipo anati lifunika kusita lisanafike Lamulungu. Atatsala pang'ono kumaliza anamuuza kuti akachotse chinthu chija panjinga, anthu achiona mokwanira.

Stefano anapukusa mutu. Anati iye wachinyamula tsiku limodzi lokha, pamene mkazi wake anachinyamula zaka.

Lolemba anapita nacho ku nazale, ndipo anachisiya pachiwongolero nyengo yonse yodzala mitengo, mpaka mvula inaoletsa luzi chikagwa chokha panjira ya kudimba.